Lusaka: Mlendo Adyere Mbale Iti?

Pachipata cha Mwami, pomwe Mchinji imasiyira Zambia, munthu akhoza kudziwa za chuma cha mayiko awiriwa pongoona kumene aloza malole olemedwa. Ambiri amaloza kwathu, atasenza matumba a simenti, makatoni a sopo, mabisiketi ndi zakumwa. Amalonda a ku Lilongwe ndi ku Blantyre akhala akudandaula kuti katundu wa ku Zambia wadzaza m'masitolo mwathu ndipo akufooketsa mafakitale a kuno. Choncho pokwera basi ya ku Lusaka ndinali ndi chidwi chokaona anthu amene ife timawayesa opambana pa mpikisanowu, ndi kumva ngati nawonso ali naye yemwe amamudandaula.

Pachipata sitinachedwepo. Kuyambira mu Disembala 2022, pomwe apulezidenti Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegulira maofesi atsopano, wapaulendo amadinditsa pasipoti pamalo amodzi m'malo moima kawiri. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa Great East. Ku Katete ndi ku Sinda sudziwa n'komwe kuti watuluka m'dziko: minda ya chimanga ndi mtedza ndi yomweyo, njinga zonyamula makala ndi zomwezo, moni ndi yemweyo. Chinsenga cha ku Petauke nacho sichivuta kumva. Ukadutsa Nyimba msewu umayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka kutsetserekera pamlatho wa Luangwa, pomwe amayi amathamangira basi ndi nsomba zouma. Kuchokera apo ndi mapiri ena, kenaka Chongwe, kenaka magalimoto amayamba kuthinana.

Lusaka imakulandira ndi ntchito za alendo. Usanalowe mu Chelstone pali njira yokhotera ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lomwe nyumba yake yatsopano inatsegulidwa mu 2021. Inamangidwa ndi kampani ya ku China pa ngongole ya madola 360 miliyoni yochokera ku banki ya dziko lomwelo. Ukapitirira pang'ono pali chipatala cha Levy Mwanawasa, mphatso ya China ya mu 2011. Milatho yodutsa pamwamba pa msewu ku Munali ndi ku Arcades inamangidwa ndi kampani ya ku India, ndi ndalama zokongola ku India komweko. Munthu wa mu Chelstone akamapita kuntchito m'mawa amadutsa pa chipatalachi ndi milathoyi, ndipo palibe chomwe amachitcha cha mwini. Amangoti chipatala chathu, mlatho wathu.

Ndinafikira kwa mlamu wanga, mphunzitsi wopuma pantchito, kufupi ndi thanki yamadzi yaitali yomwe aliyense amalozerapo njira mu Chelstone. Nyumba zambiri kuno zinali za khonsolo, mpaka boma la Frederick Chiluba linazigulitsa kwa okhalamo cha m'ma 1996. Lero pafupifupi aliyense anamanga tizipinda ta lendi kuseri. Mlamu wanga anandiyendetsa kukaona take.

"Alamu, izi ndinamanga simenti itatsika," anatero. "Dangote atatsegula fakitale yake kufupi ndi Ndola mu 2015, mtengo unagwa ndithu. Amene ankatidulitsa kale anayamba kutinyengerera. Ndiye wina akamati alendo achoke, ine ndimamufunsa kuti achoke ati?"

Koma nkhani ya simenti siinathere pomwepo, ndipo iye mwini anaimaliza. Mu 2021 bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda linapeza kuti makampani akuluakulu a simenti anagwirizana zokweza mitengo, ndipo awiri mwa iwo linawalipiritsa chindapusa. Opikisana aja anali atakhala pansi n'kumvana. Chaka chomwecho fakitale yakale ya Chilanga, yomwe inayamba mu 1949, inachoka m'manja mwa Lafarge n'kupita kwa Huaxin ya ku China, pamodzi ndi inzake ya ku Blantyre. "Mpikisano ndi wabwino," mlamu anatero, "bola pakhale woyimbira."

Mu Chelstone momwemo muli nyumba ina yomwe imathandiza kumvetsa kunyada kwa Azambia. Ndi momwe ankakhala Oliver Tambo, mtsogoleri wa chipani cha ANC, pa zaka zomwe chipanicho chinali ndi likulu lake ku Lusaka pothawa boma la tsankho la South Africa. Inasandutsidwa malo a chikumbutso mu Okutobala 2017. Azambia amanyadira mpira, makamaka chikho cha Africa cha 2012, amanyadira mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi mtendere wawo. Koma ukacheza ndi achikulire, chomwe amayamba kutchula n'chakuti dziko lawo linasunga anthu a eni. Linasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, Namibia, Angola, Mozambique ndi South Africa, ndipo linalipira: Ian Smith wa ku Rhodesia anatseka malire mu 1973, ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pafupi ndi Lusaka mu 1978. Pa nthawi yovutayo, mayiko a azungu atakana, ndi China yomwe inamanga njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, pakati pa 1970 ndi 1975. Mzambia akamakwiyira Mtchaina kapena munthu wa ku South Africa lero, amakwiyira munthu amene anadziwana naye kale pa mavuto, ndipo mkwiyo wotere umakhala ndi kawawidwe kakekake.

M'mawa ndinakwera minibasi ya ku tauni. Ang'wang'wazi, omwe kwathu timati oyitanira, amakuwa mayina a masiteji m'Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba ndi Chizungu. Tinadutsa East Park, malo a masitolo omangidwa pa malo a yunivesite ya UNZA, kenaka Arcades, kenaka Manda Hill yomwe inatsegulidwa mu 1999. Zikwangwani zambiri n'zomwe ungaone ku Johannesburg. Tinatsikira pa Kulima Tower, ndipo ndinayenda wapansi kulowa mu Cairo Road, msewu waukulu wa mitengo pakati. Kumapeto kwake chakummwera kuli Findeco House, nyumba ya nsanjika 23 yomwe inamalizidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Dzina lake ndi la bungwe la boma lomwe linkayang'anira ntchito za ndalama pa nthawi yomwe boma linali mwini pafupifupi chilichonse.

Nthawi imeneyo inayamba mu Epulo 1968 pa thanthwe la Mulungushi kufupi ndi Kabwe, pomwe Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 m'makampani akuluakulu oposa 20, ndi kuti malonda a m'magolosale kunja kwa pakati pa mizinda akhale a Azambia. Mu Ogasiti 1969, ku Matero mu Lusaka, anachita chimodzimodzi ndi migodi ya mkuwa ya Anglo American ndi Roan Selection Trust. Chifukwa chake chinali chomveka. Dziko linalandira ufulu mu 1964 lili ndi anthu ake ochepa kwambiri omaliza maphunziro a ku yunivesite, pomwe phindu la mkuwa linkathera ku London, Johannesburg ndi Salisbury. Kaunda sanali yekha pa maganizo otere. Julius Nyerere anali atachita zofanana mu 1967. Kwathu Kamuzu anachotsa amwenye m'masitolo a kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Kutali ku Philippines, pulezidenti Carlos Garcia anali atalengeza kale mu 1958 kuti pa malonda mbadwa ikhale patsogolo, ndipo malamulo aakulu a dzikolo a 1987 amaletsabe alendo kukhala ndi magawo oposa 40 pa 100 m'ntchito zina zikuluzikulu. Mitundu yomwe inalamulidwapo ndi ena imafulumira kuona kuti mbendera payokha siidyetsa.

Zomwe zinatsatira ku Zambia achikulire amazikamba moseka koma mosabisa. Mtengo wa mafuta unakwera mu 1973, wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo makampani a boma anasowa ndalama zogulira zipangizo. Masitolo a ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni anali a Azambia ndithu, koma mashelefu anali mbee. Anthu ankafola pamzere kufuna sopo, mchere ndi mafuta ophikira, nthawi zina osadziwa n'komwe chomwe chafika. Mu Juni 1990 kukwera mtengo kwa ufa kunabutsa zipolowe mu Lusaka, ndipo chaka chotsatira Kaunda anagonja kwa Chiluba. Lamulo logulitsa makampani a boma linadutsa mu 1992. Oposa 200 anagulitsidwa, ena anangotsekedwa, monga Zambia Airways mu 1994. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, ambiri n'kudikira malipiro awo kwa zaka. Mu 1995 Shoprite inagula ena mwa masitolo a boma aja n'kutsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road pompano. Mzere unatha, koma tomato ndi anyezi za m'sitolomo poyamba zinkachokera ku South Africa, alimi a ku Chongwe akuyang'ana. Mbadwo umodzi womwewo unalawa zonse ziwiri: sitolo yako yopanda kanthu, ndi sitolo yodzaza ya mwini.

Kuchoka pa Cairo Road ndinadutsa Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, n'kuwoloka Lumumba Road kupita ku Soweto, msika waukulu wa zakudya. Kuno malole amafika usiku ndi tomato, kabichi, mbatata ndi anyezi, ndipo anyamata a mawilibala sapempha njira kawiri. Ndinaima pamzere wa nkhuku zamoyo n'kucheza ndi mayi wina yemwe amaweta zake kuseri kwa nyumba ku Kanyama. Atamva kalankhulidwe kanga anaseka.

"Ndimwe a ku Malawi, ka? Nkhalani apa, atate. Ise sitikana alendo. Amange miseu, amange vipatala, ni bwino. Manje munthu achoke ku China konse kuja, akwele ndeke, abwele agulitse nkhuku pa Soweto? Nanga ine nizagulitsa chani?"

Dandaulo limeneli n'lakale. Cha m'ma 2010 alimi a ku China okhala ndi mafamu kunja kwa mzinda ankafika mbandakucha ndi malole a nkhuku zotsika mtengo, ndipo oweta ang'onoang'ono ankabwerera ndi zawo. Phokoso linakula mpaka mu 2017 boma linaika lamulo loti kugulitsa nkhuku zamoyo m'misika kukhale kwa nzika zokha. Ndinawafunsa mayiwo komwe amagula anapiye ndi chakudya cha nkhuku. Anatchula makampani akuluakulu, ena mwa iwo a ndalama za ku South Africa, ndipo sanaonetse kuwawidwa mtima kulikonse. Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa pomwe anthu a mu Lusaka amalemba malire. Mlendo wobweretsa chomwe iwo sangathe, makina oswetsa mazira kapena fakitale ya chakudya cha ziweto, amamulandira. Amene akumukana ndi wopisa dzanja m'mbale ya wosauka, mbale yomwe ndi yaing'ono kale.

Vuto ndi lakuti mkwiyo ukafika posefukira sufunsa za malire amenewa. Umagwera mlendo amene ali pafupi, wopanda mpanda ndi mlonda. Mu Epulo 2016, kutamveka mphekesera yoti alendo ndiwo akupha anthu n'kuchotsa ziwalo, magulu a anthu anathyola timasitolo tambirimbiri m'makomboni a George, Zingalume, Chawama ndi ena. Tambiri tinali ta anthu ochokera ku Rwanda, othawa nkhondo omwe anapeza moyo pa kantemba, kagolosale kogulitsa shuga wa pasupuni ndi mafuta a m'kabotolo. Mazana a iwo anakabisala ku tchalitchi cha Katolika cha St Ignatius. Anthu awiri omwe anawotchedwa pa zipolowezo anali Azambia. Mphekesera inali chabe moyatsira. Nkhuni zinali nsanje ya malonda ndi ulova wa achinyamata. Ambiri mu Lusaka amaikumbukira sabata imeneyo mwamanyazi, chifukwa inatsutsana ndi chinthu chomwe amanyadira kwambiri.

Ku Kamwala, kutsidya kwa njanji, mpikisano uli ndi mibadwo yake. Masitolo akale ndi a mabanja a amwenye omwe anakhazikika kuno nthawi ya atsamunda. Pambali pawo pali msika wa Luburma, womwe khonsolo inaupereka kwa kampani ya ku China pa lendi ya zaka 65, nkhani yomwe amalonda a pamalopo sanaiiwale. Panja pali achinyamata a Chizambia ogulitsa nsapato, matchaja a foni ndi zitenje zochokera m'masitolo omwewo. Katundu wosalimba amamutcha gong'a, amamunyoza, n'kumugula, chifukwa ndi amene thumba likukwanitsa. Zovala zakale zochokera kunja, zomwe kwathu ndi kaunjika, kuno ndi salaula, ndipo zaveka mzinda wonse. Zaveka anthu, koma zinathandizanso kugwetsa mafakitale a nsalu a ku Kafue ndi ku Livingstone. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, yomwe China inathandiza kumanga n'kutsegulidwa mu 1982, inaima mu 2007. Wogula ndi wantchito ndi munthu mmodzi, koma pamsika zofuna zawo zimakangana.

Tsiku lina ndinapita ku Kabwata kudzera mu Burma Road. Pakati pa nyumba zosanjikizana pali kamudzi ka nyumba zozungulira zofolera udzu. Ndi zotsala za nyumba zomwe boma la atsamunda linamangira antchito achikuda mzinda utangokhala likulu mu 1935, tizipinda topangira mwamuna mmodzi wopanda banja, pakuti mwini dziko ankatengedwa ngati wodutsa m'tauni ya azungu. Zambiri zinagwetsedwa, ndipo zotsalazo anazisunga mu 1974 kuti zikhale malo a amisiri a zosemasema. Mdala wina wosema mvuu ndi ng'oma anandiuza kuti makasitomala ake enieni ndi azungu a m'mabungwe ndi Matchaina obwerera kwawo. "Mlendo akapanda kubwera, mwana wanga, ise pano tigona ndi njala," anatero, akupala mtengo wa mukwa osadzutsa mutu.

Kabwata ndi dera lomwe linatumiza Michael Sata ku nyumba ya malamulo m'zaka za m'ma 1980, ndipo palibe wandale amene anadziwa kugwiritsa ntchito nkhani ya alendo kuposa iye. Mu Epulo 2005 fakitale ya zophulitsira miyala ya kampani ya ku China inaphulika ku Chambishi n'kupha antchito a Chizambia oposa 40. Pa chisankho cha 2006 Sata anadzudzula poyera mabwana a ku China pa malipiro ochepa ndi kusasamala moyo wa antchito, mpaka kazembe wa China anaopseza kuti ubale utha Sata akapambana. Sanapambane, koma Lusaka ndi Copperbelt zinamuvotera. Mu 2007 pulezidenti Hu Jintao atabwera, ulendo wake wa ku Copperbelt unalephereka poopa zionetsero. Sata atalowa m'boma mu Seputembala 2011, mmodzi mwa alendo ake oyamba anali kazembe wa China, ndipo pasanapite nthawi anaitanira amalonda a dzikolo ku chakudya ku State House. Anakweza malipiro otsikitsitsa a antchito, analanda Zamtel kwa kampani ya ku Libya mu 2012, koma amalonda a ku China sanawathamangitse. Ena amati anasintha mawanga. Ena amati anangoona mabuku a boma n'kuzindikira yemwe amagula mkuwa.

Nkhani ya Chambishi siinakhale ya kale. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals, kufupi ndi komweko, linaphulika n'kuthira madzi a asidi mumtsinje womwe umathira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi. Kafue yomweyo ndi imene imamwetsa gawo lalikulu la Lusaka. Anthu omwe ndinacheza nawo ankadzudzula kampaniyo, koma sankathera pomwepo. Ankafunsanso kuti oyendera madamu a boma anali kuti.

Kuchoka ku Kabwata ndinadzera ku Chilenje kukaona nyumba nambala 394, momwe Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962 akutsogolera nkhondo ya ufulu. Ndi kanyumba kakang'ono, koti mphunzitsi wa lero angakadandaule. Kuchoka apo n'kulowa mu Woodlands, mipanda imatalika, mitengo imachuluka, phokoso limachepa. Awa ndiwo mayadi, kosiyana ndi komboni. Nyumba zambiri zakale zasanduka maofesi, malo ogona alendo ndi malo odyera, ena a zikwangwani za zilembo za Chitchaina. Eni nyumba amasangalala ndi lendi ya mlendo. Ana awo, omwe sangakwanitse lendi yoteroyo, akumanga kutali kunja kwa mzinda.

Msewu wa Independence Avenue umachoka ku Woodlands, kudutsa State House ndi manda a apulezidenti pa Embassy Park, mpaka pa chipilala cha ufulu, munthu wodula unyolo yemwe anaimikidwa mu 1974. Kumbuyo kwake kuli Government Complex, nyumba ya maofesi a boma yomangidwa ndi Matchaina. Anthu ambiri amakonda kunena kuti China yagula Zambia, ndipo n'zoona kuti pa ngongole ya madola 6.3 biliyoni yomwe mayiko anagwirizana kuikonzanso mu Juni 2023, yoposa 4 biliyoni inali ya China. Koma ngongole yomwe inagwetsa dzikoli mu Novembala 2020, pomwe linalephera kulipira chiwongola dzanja cha madola 42.5 miliyoni, inali ya misika ya ndalama ya kwa azungu. Boma linakongola kumeneko madola 3 biliyoni m'zaka za 2012, 2014 ndi 2015, patangopita zaka zochepa dziko litakhululukidwa ngongole zakale mu 2005. Pa pepala lililonse la ngongolezo pali siginecha ya nduna ya Chizambia. Walira mvula walira matope.

Ulendo wanga unathera ku Kabulonga, komwe misewu ili ndi mayina a nyama za m'tchire: Kudu, Sable, Roan, Cheetah. Mu Cheetah Road muli ofesi ya kazembe wa South Africa. Mu Seputembala 2019, alendo atamenyedwa ndi kuphedwa ku Johannesburg, ophunzira a ku UNZA anaguba mpaka pano n'kuwotcha chikwangwani cha ofesiyo. Masitolo a Shoprite, Pick n Pay ndi MTN anatseka zitseko mofulumira, bungwe la mpira la FAZ linakana kusewera ndi Bafana Bafana, ndipo wailesi ina inaleka kuika nyimbo za ku South Africa. Mawu omwe ankamveka anali akuti tinakusungani, lero mukutithamangitsa, pomwe masitolo anu adzaza kwathu. Patangopita masiku ochepa masitolo anatsegulidwa, ndipo ogwira ntchito pamakina olipirira, omwe ndi Azambia, anapuma bwino.

Ku Kabulonga ndinakumana ndi mwana wa mchemwali wanga, yemwe amawerengera ndalama pa kampani ina. Tinakhala pa malo omwera khofi, jenereta ikulira kuseri chifukwa malaiti anali atapita, monga ankachitira chilala cha 2024 chitaphwetsa nyanja ya Kariba.

"Amalume, anthu amalimbana ndi wa kantemba chifukwa amamuona," anatero. "Ndalama zenizeni zimatuluka mwakachetechete, pa pepala losainidwa bwinobwino."

Anandikumbutsa za migodi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Zambia inkakumba matani a mkuwa oposa 700,000 pachaka. Pofika 2000, migodi ili m'manja mwa kampani ya boma ya ZCCM, inali itatsikira pafupifupi pa 250,000. Ndalama za alendo ndi zomwe zinaidzutsa, ndipo mu 2024 inapitirira matani 800,000. Zimenezo sakana. Chomwe chimamuwawa ndi mapangano omwe boma linasaina mobisa pogulitsa migodiyo mtengo wa mkuwa uli pansi, ena opatsa dziko msonkho wa 0.6 pa 100 yokha pa mkuwa wokumbidwa. Vedanta ya ku India inagula gawo lalikulu la mgodi wa Konkola mu 2004 pa madola 25 miliyoni, ndipo patapita zaka khumi kanema wa mwini wake, Anil Agarwal, akudzitama ndi phindu lomwe amapeza pamgodiwo anakwiyitsa dziko lonse. Levy Mwanawasa anaika msonkho wa phindu lowonjezera mu 2008, boma lotsatira n'kuuchotsa mu 2009. Edgar Lungu analanda Konkola mu 2019, boma la Hichilema n'kugwirizana zoibweza kwa Vedanta mu 2023. Mopani inachoka kwa Glencore mu 2021 n'kubwerera kwa boma pamodzi ndi ngongole ya madola 1.5 biliyoni, ndipo mu 2024 magawo 51 pa 100 anagulidwa ndi kampani ya ku Abu Dhabi.

"Tikakwiya timalanda, tikasauka timagulitsa motchipa," anatero. "Wogula amadziwa kuti angodikira."

Tisanasiyane tinalowa m'sitolo yaikulu ya pafupi, ndipo anandisonyeza chizindikiro cha Proudly Zambian chomwe bungwe la eni mafakitale limaika pa katundu wopangidwa m'dzikomo. Mashelefu a lero si a 1995. Nyama, mkaka, ufa, sopo, maheu ndi ndiwo zamasamba zambiri ndi za konkuno. Koma ukafunsa za eni ake, yankho silikhala lophweka. Mowa wa Mosi, womwe umanyamula dzina la mathithi, ndi wa Zambian Breweries, yomwe ili pansi pa AB InBev ya ku Belgium. Shuga wa ku Nakambala ndi wa Illovo, monga wa ku Nchalo ndi Dwangwa. Zambeef, yomwe inakula pogulitsa nyama m'masitolo a Shoprite, mmodzi mwa oiyambitsa mu 1994 anali Francis Grogan wochokera ku Ireland. Trade Kings, mwini sopo wa Boom yemwe wafika mpaka m'magolosale a kumidzi kwathu, inayambitsidwa mu 1995 ndi Azambia a makolo ochokera ku India. Simenti yomwe imadandaulitsa amalonda athu ndi ya fakitale za Mnaijeriya ndi Mtchaina zoima pa nthaka ya Zambia. Chomwe chikutipambana ife si mtundu wa eni ake. Ndi chakuti katunduyo amapangidwira komweko, ndi manja a komweko, kuchokera ku chimanga, soya ndi miyala ya komweko.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti kunyada kwa Lusaka kwakula msinkhu kusiyana ndi momwe kumamvekera pa wailesi nthawi ya kampeni. Mayi wa nkhuku, mphunzitsi wopuma, wosema ziboliboli ndi mtsikana wa maakaunti sagwirizana pa zambiri, koma palibe mmodzi yemwe anapempha kuti abwerere ku mizere ya ZCBC, ndipo palibe yemwe anati mlendo achite zomwe afuna. Onse amafunsa zinthu zogwirika: abweretsa chiyani chomwe tilibe, alemba ntchito ndani, agula kwa yani, alipira msonkho wanji, ndipo akalakwa amugwira ndani. Mafunso onsewa woyankha wake woyamba si mlendo. Ndi khonsolo yopereka ziphaso, woyendera mafakitale, nduna yosaina, ndi phungu yemwe amayenera kuwerenga asanavomereze.

Ife kwathu tili pomwe Zambia inali ikuyamba kusaina. Mu Julaye 2024 boma lathu linasainirana mapangano ndi makampani a migodi ya Kayelekera ku Karonga ndi Songwe Hill ku Phalombe, ndipo maso a alendo ali pa Kasiya ku Lilongwe ndi Kangankunde ku Balaka. Azambia anaphunzira mowawa kuti kulanda mgodi utagulitsidwa kale kumadya zaka m'makhoti, antchito ndi ogulitsa katundu kumgodiko ali pa njala. Ngati tili nako kunyada, nthawi yokuonetsa ndi ino, mapangano akulembedwa: tifunse kuti awerengedwe poyera, tidziwe msonkho wake, tidziwe yemwe adzayendere madamu a zinyalala ndi yemwe adzalipire mtsinje ukawonongeka.